Mkamwini pa Khoma la Nyumba Yakale

Mkamwini wina anatumidwa kukatenga apongozi ake ku depoti pa galimoto, mdima utangogwa. Pobwerera, ali pamsewu wa nyumba zakale zija, zomwe boma limaletsa ngakhale kukhomapo msomali, mkodzo unamuthina zoopsa. Nanga munthu angawauze apongozi zimenezo?

"Mayi, ndione kaye tayala lakumbuyo," anatero, n'kuzembera kumdima.

Anakaima pakhoma la nyumba yosanja yomwe mawindo ake anawatseka ndi njerwa kalekale. Akupepukidwa bwinobwino, wina anatsokomola. Kuseri kwa njerwazo.

"Achimwene," anatero mawu a mzimayi, mofatsa, pafupi ndi khutu lake. "Mwanyowetsa bedi la ana anga."

"Pepani, mayi, pepani!"

Zipi anakoka ali pa liwiro, thalauza lonse litanyowa. Analowa m'galimoto ataphimba pamiyendo ndi jekete, maso pansi. Apongozi ankangoyang'ana kutsogolo.

"Tayala lili bwino, mayi."

"Chabwino, bambo. Koma musayilize kaye galimotoyi. Mayi mwabwera nawowa akukwezabe ana."

Mkamwini sanacheuke. Mpando wakumbuyo unalira kwee, ndipo mawu aja ananong'ona:

"Sunthiranani, ana inu. Lero tikagona kwa achimwenewa."