Chitupa cha Atsibweni

Panali munthu wina wa kufupi ndi Kasina, dzina lake Gervazio. Akuti zinachitika mu 1956, ndipo amene anandiuza ine analumbira kuti sanathiremo nsinjiro.

Gervazioyu anali ndi mutu wa makina. Njinga ikafa m'mudzi, woidzutsa anali iye. Wansembe wa ku mishoni ataona lusolo, anamupezera malo pa galaja ina ku Halale oti akaphunzire kukonza magalimoto kwa chaka chimodzi. Kalata ya ku galajako inanena mosabisa kuti afike mwezi wa Meyi usanathe, apo ayi malowo apatsa wina. Wansembeyo anamuuzanso kuti ayambe wapita ku boma kukatenga chitupa, chikalata chimene munthu ankadutsira pamalire.

Chaka chomwecho atsibweni a Gervazio, a Dominiko, amene kale ankagwira ntchito ku migodi, anamwalira, ndipo abale anamulowetsa Gervazio dzina la malemuwo. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkamutcha a Dominiko. Ngakhale mayi ake omubereka ankamuti "achimwene". Anamupatsa chipewa cha malemuwo, jekete, nkhwangwa ndi sutikesi. M'sutikesimo munali chitupa.

Mkazi wake Elena anati, "Bambo, pitani ku boma mukadinde chala chanu. Paja ansembe ananenetsa."

"Ndikavutikirenji pa mzere? Chitupachi alemba kuti Dominiko. Nanga Dominiko panopa ndani? Si ine?"

Elena anangomusiya, chifukwa nayenso ankamuitana dzina lomwelo. Kunena zoona, munthuyu sankafuna kunamiza aliyense. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chitupacho n'chake, ndipo n'zimene zimandimvetsa chisoni ine.

Anakwera lole, masiku atatu fumbi lokhalokha, mpaka pamalire a Rodeshiya. Kalaliki wa pamenepo anatenga chitupa, n'kuyang'ana munthu, n'kuyang'ananso chitupa.

"Ndinu a Dominiko?"

"Eya, ndine amene."

"Munabadwa 1904?"

"Dzinali ndiye linabadwa nthawi imeneyo, bwana."

"Tambasulani manja."

Anatambasula. Kalaliki anawerenga zala mpaka khumi.

"Apa alemba kuti dzanja lamanzere lilibe zala ziwiri. Zinamera liti?"

"Zodukazo zinali za atsibweni. Iwowo anatisiya, ine ndinalowa dzina."

"Ndiye kuti mwini chitupa anamwalira?"

"Ayi bwana, mwini wake ndi ine."

"Ndiye kuti inuyo munamwalira?"

Gervazio mutu unaima. Anatulutsa kalata ya ku galaja ija poganiza kuti imupulumutsa, koma ndi imene inaipitsiratu zinthu, chifukwa m'menemo munalembedwa Gervazio.

Kalaliki anafunsa, "Nanga Gervazioyu ndiye uti?"

"Ndi ine ndemwe. Kapena ndinene kuti ndinali ine."

"Achimwene, kodi muli anthu angati m'jeketemo?"

Anthu pa mzere anafa nako kuseka. Anamudinditsa chala, ndipo sichinafanane ndi cha pa chitupa. Chitupacho analanda, iyeyo anamusunga masiku anayi, kenako anamubweza kwawo. Njira yonse ankangofunsa anzake a pa lole kuti, "Chipewa n'changa, nkhwangwa n'janga, dzina n'langa. Chitupa chokha chandikana bwanji?" Panalibe amene anamumasulira.

Atafika ku Dedza anapita ku boma kuja, ndipo chitupa chakechake chinatuluka tsiku lomwelo. Tsiku limodzi lokha, abale anga! Ananyamukanso, pamalire anadutsa popanda womufunsa kawiri, koma ku Halale anafika pa 9 Juni. Atalowa mu galaja muja anaona miyendo ya munthu wina itatulukira pansi pa galimoto, atavala ovololo yatsopano. Kapitawo anawerenga kalata ija n'kumubwezera.

"Tinakudikirani, achimwene. Malo anali amodzi basi."

Gervazio anabwerera ku Kasina osagwirako sipanala ya pa galajapo ngakhale kamodzi, ndipo anakalamba akupalira chimanga.

Phunziro: Za kumudzi zimathera kumudzi, pamalire amafuna chikalata chanuchanu, cha dzina lomwe lili m'kalata yokuitanani. Mukapeza mwayi wokaphunzira ntchito kunja, funsani zofunika nthawi ikadalipo, ndipo mverani amene akukuuzani. Musangowerenga nokha nkhaniyi, patsiraninso m'bale wanu amene akukonza ulendo, angakataye mwayi wake pamalire.