Dzina Lobwereka la Shigeru

Panali bambo wina mumzinda wa Nagoya ku Japan, dzina lake Shigeru. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo ine imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikaikumbukira.

Shigeru anali mkamwini. Apongozi ake, a Kuroyanagi, anali ndi fakitale ya mabawuti koma analibe mwana wamwamuna. Choncho atakwatira mwana wawo Fumie, iye anasiya dzina la kwawo n'kutenga la apongoziwo, monga amachitira mkamwini amene akukonzedwa kudzasiyiridwa kampani. Zonse zinali zake kale, kunangotsala kudikira.

Tsiku lina kunabwera mzungu, Rolf, wofuna kugula mabawuti ambiri. Apongozi anati, "Mlendoyu umusamale. Asadandaule kanthu."

Madzulo atadya n'kumwa pang'ono, Rolf anayamba kutsinzinira diso. "Amwene, nsomba zaziwisi zakwana. Ndinamva kuti kuno kuli nyumba zosambirako zokhala ndi akazi. Tandiperekezeni."

Shigeru anatuluka panja n'kuimbira foni mnzake Noboru, mwini bala ina m'dera lomwelo.

"Aise, wapenga?" anatero Noboru. "Mugulire mowa, mukaimbe nyimbo, um'kweze takisi akagone. Nyumba zimenezo sizikonda alendo akunja. Malamulo ake sawamva, ndipo mtengo amafuna kunenerera ngati akugula matimati. Usapiteko."

"Komatu Bambo anati asadandaule kanthu."

"Ndiye Bambo akowo anati ukam'pezere mkazi? Iwe Shigeru, mlendo ndi mame. Mawa akwera ndege, iwe utsala pompano."

Koma munthu wofuna kugwera m'dzenje, ukam'gwira malaya amavula malayawo. Shigeru anadula foni.

Nyumba ziwiri zinawabweza pakhomo pomwe: "Pepani kwambiri, a ku Japan okhaokha." Pa yachitatu, woyang'anira wake, bambo waulemu wovala tayi dzina lake Inagaki, anawayang'ana n'kuusa moyo.

"Mlendo amalipira kawiri, ndalama zokwana mayeni 60,000, pompano asanavule nsapato. Belu likalira, nthawi yatha, ndipo kuwonjezera nthawi ndi ndalama zina. Foni ikhale m'thumba. Mkazi akati ayi, ndi ayi. Komanso pakhale munthu wa kuno womuimira."

"Kawiri? Chifukwa cha mphuno yangayi?" anadandaula Rolf, Shigeru atam'masulira za mtengowo, koma analipira.

Tsono apa m'pamene ine ndimagwira mutu. Shigeru anazolowera kuti akakumana ndi munthu wa tayi amapereka khadi lake la kuntchito, ndiye manja anangopita okha m'thumba. Anawerama bwinobwino n'kulipereka ndi manja awiri. Pakhadipo panali dzina la Kuroyanagi, dzina la fakitale, keyala ndi nambala ya foni. Chitsiru cha munthu! Pamalo otero amuna amanama ngakhale dzina limene anawapatsa mayi awo.

Shigeru mwini wake sanalowe. Anamasulira Rolf malamulo aja mwachidule, ena n'kuwadumpha chifukwa cha manyazi, kenako anakwera sitima kupita kunyumba. Mtima unali mbee, akudziyamikira kuti ndi mwamuna wokhulupirika.

Kunyumba yosambirako ija belu linalira, Rolf anakana kutuluka. Atamuuza za ndalama zowonjezera, anakuwa kuti onse ndi akuba. Anatulutsa foni n'kuyamba kujambula mkazi amene anam'patsa, mkaziyo akulira n'kumabisa nkhope. Anakankha mlonda, anathyola chitseko, n'kuthawa. Kutacha anali m'ndege, vidiyo ija ataimwaza kale pa intaneti, ati kuchenjeza alendo anzake. Mkaziyo anali ndi ana awiri kusukulu, ndi abale osadziwa ntchito yake.

Lolemba m'mawa, antchito onse ali chilili pabwalo la fakitale kumvera mawu a bwana monga mwa masiku onse, Inagaki anatulukira atanyamula kabokosi ka maswiti. Sanakalipe ayi. Anawerama pamaso pa a Kuroyanagi n'kuwapatsa khadi lija ndi manja awiri.

"Pepani kukusokonezani. A Kuroyanagi a kampani ino anaimira mlendo panyumba pathu. Za chitseko n'zazing'ono, tikonza. Koma wantchito wathu wathawa mumzinda muno ndi ana ake, poti nkhope yake ili ponseponse. Tabwera kuti timve, a Kuroyanagi akuti bwanji?"

Fumie, amene ankagwira ntchito muofesi ya bambo ake, anali pomwepo.

"Bambo, ine sindinalowe!" anafuula Shigeru. "Fumie, ndikulumbira, sindinalowe!"

"Ndikudziwa," anatero apongozi motsitsa mawu. "Iwe sunalowe. Linalowa ndi dzina langa."

Tsiku lomwelo nkhalambayo inavala suti yakuda n'kupita yokha kunyumba ija. Inagwada mpaka chipumi pansi, inapepesa, n'kusiya ndalama zoti mayi uja akayambire moyo kwina. Mpongozi wa zaka makumi asanu ndi awiri, kugwadira pakhomo lotero chifukwa cha mkamwini!

Kunyumba Shigeru anayesa kuchonderera mkazi wake. Fumie sanalire n'komwe.

"Mukanalowa, ndikanangoti ndinakwatiwa ndi wachimasomaso," anatero. "Koma inu munapereka mwana wa eni kwa chilombo, n'kubwera kuno kudzaliza mkonono. Zimenezo ndiye sindingagone nazo nyumba imodzi."

Mwezi usanathe anapita kuofesi ya boma. Banja linatha, dzina la Kuroyanagi analilanda, fakitale inapita kwa mphwawo wa bwana. Shigeru anatuluka ndi chikwama chimodzi, akuyesa kuzoloweranso dzina la kwawo limene analitaya yekha.

Phunziro: Osaimira munthu amene simukum'dziwa mtima, makamaka pamalo pamene inu eni mukuchita napo manyazi kulowa. Kusangalatsa mlendo kuli ndi malire, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Musangowerenga n'kuseka, tumizirani anzanu, makamaka aja osatha kunena kuti ayi.