Sofa Yomwe Inamira ku Sheffield

"Mayi akuvina apawa mukuwadziwa?" anafunsa woweruza, akuloza kanema pakhoma.

A Rowland Chimtengo anazyolika. Akanawakana bwanji amayi awo owabala?

Mtsinje wa Don utasefukira ku Sheffield, ku Mangalande, a Rowland anauza kampani ya inshulansi kuti madzi awononga sofa yawo yofiira, yachikopa chenicheni. Kampaniyo inalipira. Chonsecho sofayo inali itakwera kale sitima yapamadzi, ulendo wa ku Ntcheu, mvula isanagwe n'komwe.

Tsopano mu kanema wa pa Fesibukuyo amayiwo ankaivinira akululutira, anansi akusinthana kukhalapo.

"Akuti chiyani?" woweruza anafunsa womasulira.

Womasulirayo anali Modester, woimba kwaya kutchalitchi komwe a Rowland ndi mkulu wa mpingo.

"Pepanitu bambo," ananong'ona, kenako anakweza mawu. "Akuti, 'Mwana wanga sadya za eni. Onani thukuta lake.'"

Ndende anaizemba, koma woweruza anawalamula kubweza ndalamazo ndi kukokolola matope m'ngalande za mumzinda kwa maola mazana awiri.

Akutuluka m'khoti, foni inalira. Anali amayi.

"Wamuona kanema uja, mwanangu? Ndinauza anawa kuti amufalitse mpaka azungu akumeneko adziwe kuti ndinabala munthu."