Beseni la Pansi pa Phiko

"A Sajeni, beseni limenelo mukupita nalo kuti?" anafunsa msilikali wolondera pachipata cha bwalo la ndege zankhondo.

"Kwa Mayi," anayankha mkuluyo, osacheuka n'komwe.

Mayi linali dzina la ndege yakale yonyamula asilikali, imene Sajeni anakhala akuikonza kwa zaka makumi atatu. Injini yake yakumanzere inkadontha oyilo, ndiye m'mawa uliwonse iye ankatchera beseni pansi pa phiko. Anzake akamamuseka ankangoti, "Ikamadontha ndiye kuti ili moyo. Tsiku limene idzasiye, musadzakwere."

Kenako boma linagula ndege ziwiri zatsopano, zimene zimauza zokha kompyuta pamene pakupweteka. Sajeni anamupatsa kalata yopumira pantchito. Mayi anamukokera kuchipata n'kumukhazika pasimenti kuti odutsa azimuona.

Mkuluyo anagwada, kuika beseni pamalo pake pa masiku onse, n'kukhala paudzu. Dzuwa linafika paliwombo, m'beseni muli mbee.

Mlonda uja analephera kupirira. "Bambo, pepanitu, koma injini anachotsamo kalekale. M'katimo mwangotsala zisa za mbalame."

"Ndikudziwa, achimwene. Ndinachotsa ndine ndi manja angawa. Ndiyo inali ntchito yanga yomaliza."

"Nanga mukudikira chiyani?"

Sajeni anawerama kuti anyamule beseni lake, koma anakhalitsa chiweramire.

Tho! Dontho limodzi linagwera m'beseni.

Mlonda anakweza maso msanga kuyang'ana phiko lija. Linali louma gwa.