Bambo Wodikira Banja Lake

Malata omaliza anafika Lachisanu, ndipo woyamba kukwera padenga anali Wakhama, monga mwa masiku onse. Dzinalo anamupatsa ndi amisiri anzake. Ankafika ena asanafike, n'kumaweruka ena atasamba kale m'manja.

Mayi woyang'anira malowo ankamuonerera ali pansi, dzanja lili pachipumi. Iwo anali atsopano pantchitoyo. Anabwera moto utapsereza kale nyumba yosungiramo mabanja osowa pokhala, woyang'anira wakale ali gone m'chipatala, osatha kuyankhula. Anapeza makoma akuda bii ndi mabedi achitsulo opindikapindika. Mabanja onse anali atabalalika, ena m'makhonde a masitolo, ena kunsi kwa mlatho, ena osadziwika komwe analowera.

Wakhama anatulukira sabata yomweyo. Sanapemphe malipiro. Anati mkazi wake ndi ana ake awiri ankagona m'nyumbayo iye ali kutali kosaka ganyu, ndipo chichitikireni ngozi ija sanawaonenso. Anali atazungulira m'zipatala ndi m'misika, koma zii. Chomwe chinamutsalira n'kumanganso nyumbayo, poti ikadzatsegulidwa iwo adzabwerera okha.

Thandizo linkavuta. Mayiwo anayenda m'maofesi mpaka zidendene za nsapato kutha, koma kulikonse yankho linali loti abwerenso mwezi wamawa. Simenti inatha khoma lakumbuyo likulekeza m'chiuno. Mvula inayamba, madzi n'kumadikha m'zipinda. Atasowa pogwira, anaitana eni makampani ndi akuluakulu a mipingo kuti adzadzionere okha. Alendowo anaima m'maambulera, maso ali pamafoni, mpaka mayiwo anakoka Wakhama pamkono n'kumuimika patsogolo pawo.

Sanayankhule zambiri. Anatchula ana ake mayina. Anati wamkulu amaopa mdima, wamng'ono anali atangoyamba kumene kuyenda, ndipo iye tulo sakutiona. Kenako anadzutsa maso ofiira psuu.

"Ndiwapeza basi," anatero. "Kaya zitenga zaka zingati, ine ndiwapeza."

Mkazi wa m'busa wina anapukuta misozi. M'mawa mwake lole ya simenti inaima pageti. Kenako kunabwera matabwa, mabedi ndi mabulangete.

Komiti itayamba kufuna mlonda wa nyumba yatsopanoyo, mayi woyang'anira sanalole kuti afunse wina. Nanga n'kupitiranji kutali munthu ali pomwepo, wodziwa chitseko chilichonse, amene anakhoma yekha maloko onse? Anamusokera yunifolomu, n'kumupatsa tochi ndi makiyi a zipinda zonse.

Tsiku lotsegulira, mabanja anayamba kufika m'mamawa, katundu ali m'majumbo ndi m'masaka. Si onse anabwerera. Bambo wina amene anachoka ndi ana anayi anabwera ndi atatu, ndipo palibe anayerekeza kumufunsa za winayo.

Chakumasana, Wakhama atatumidwa kukatenga matiresi otsala, kunalowa mayi wina wowonda, mwana ali kumsana, wina atamugwira nsalu. Anafunsa monong'ona ngati geti limakhala lokhoma nthawi zonse. Mayi woyang'anira anamutsimikizira kuti pali mlonda wodalirika, woti sagona. Atafunsa mayina a anawo n'kuyankhidwa, anazindikira kuti ndi omwe aja anawatchula Wakhama. Anasunga chinsinsi, pofuna kuti zikhale zodzidzimutsa. Anamupatsa chipinda chakumapeto, chabata, chotalikirana ndi phokoso la pageti.

Wakhama atabwerera, mayi woyang'anira sanamulole n'komwe kutsitsa matiresi. Anamugwira dzanja n'kudutsa naye m'kholido, akumwetulira koyamba chibwerereni pamalopo. Pa zonse zimene anavutikira miyezi imeneyi, ichi chokha chinali chowakwanira. Anagogoda, n'kutsegula, onse awiri n'kulowa.

"Amake ana, taonani amene ndakubweretserani," anatero mayi woyang'anira.

Mwana wamkulu uja anakwawira kunsi kwa bedi. Mayi wowondayo anabwerera cham'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Mayi, mwamulozera pamene tili?" anatero, mawu akumveka patalipatali. "Ife kuno tinabwera pothawa yemweyu. Atamva kuti tabisala muno, ndi amene anadzayatsa moto uja."

Kumbuyo kwa mayi woyang'anira, Wakhama anatseka chitseko mosathamanga, n'kukhoma.