Mainchi Atatu a M'chiuno

Mayi Telala anatsamiritsa foni pa chitini cha mabatani, nakonza duku, nakhala mowongoka ngati abwera kudzalandira mphotho. Zaka makumi awiri akupalasa makina osokera, palibe anawasumirapo. Koma lero kamtsikana kena, kamene kanaoda diresi pa intaneti n'kutumiza miyezo pafoni, kanali katadandaula kwa eni tsamba la malonda kuti diresilo silikukwana. Mlanduwu ukawagwera, tsamba lawo litsekedwa.

Pafonipo panatuluka nkhope ziwiri. Ina inali ya mkhalapakati, bambo wa magalasi wooneka wotopa ndi milandu ya anthu. Inayo ya mtsikanayo, wowonda nkhope, wamanyazi, maso pansi.

"Zipi sikutseka, bwana," anatero mtsikanayo. "Ndipo Loweruka lino ndimafuna kuvala pokaonekera kwa apongozi."

Mayi Telala anamwetulira. Nsalu amaidziwa, ndipo thupi la mkazi amalidziwa koposa. Anaonetsa uthenga wa miyezo uja, tsiku lake lili pomwepo, naonetsanso chithunzi cha diresi tepi itayalidwa pamwamba. Zonse zinali ndendende.

"Bwana, auzeni atenge tepi adziyeze pompano, tonse tikuona."

Mtsikanayo anazengereza, koma mkhalapakati anavomereza. Mtsikanayo anaimirira, nazunguliza tepi m'chiuno. Anatchula nambala ndi mawu apansipansi.

"Mainchi atatu pa masabata asanu!" Mayi Telala anawomba m'manja. "Mwana wanga, ine ndinabereka. Diresi silinachepe ayi. Muli awiri m'menemo."

"Mayi, tiyeni tikambe za diresi," anatero mkhalapakati.

Koma pakamwa pa Mayi Telala panali patatseguka kale, ndipo pakatseguka sipabwezeka. Ananena za atsikana a masiku ano amene amakolola asanalime. Ananena za singano imene anthu amainamizira milandu ya kuchipinda. Kenaka anatembenukira kwa amene sanalipo.

"Ndipo mayi wa mnyamatayo, kaya ndi ndani, analephera kulera. Mwana woleredwa bwino sadumpha mpanda. Akanakhala wanga, bwenzi ndikuyenda nditafunda nkhope."

Mtsikanayo anavomera ndi mutu kuti inde ndi woyembekezera, ndipo misozi inayamba kugwera pa tepi ija. Mkhalapakati anagamula mofulumira: telala sanalakwe, tsamba lawo lipitirire, koma ngati ali ndi mtima, alikulitse diresilo.

"Mtima ndili nawo, bwana," anatero Mayi Telala, akudzikupizira mphepo ndi kabuku ka masitayilo. "Nsalu yobisira manyazi ndi imene ndilibe."

Kunali kukoma kumeneko. Anaganiza kale za mmene akawafotokozere anzawo kumsika, mawu ndi mawu, mpaka nambala ya pa tepi. Chala chawo chinali chitayandikira batani lofiira lodulira foni pamene kumbali ya mtsikanayo kunamveka chitseko.

"Ndani akukuliza?" anafunsa mawu a mwamuna. Dzanja linagwira phewa la mtsikanayo, ndipo nkhope yokwiya inawerama kuti imuone bwino mdaniyo.

Inali nkhope ya mwana wa Mayi Telala mmodzi yekhayo, uja amagwira ntchito kutali, amene anali atawauza kuti Loweruka abwera ndi mlendo.

"Amayi?"

Mkhalapakati anavula magalasi. "Pepani," anatero, "kodi mumadziwana?"