Fulashi ya Patebulo

Chabwera anagwetsa invata yopserera, makina aja osandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi, pakauntala pa Towera, fungo la mawaya opsa n'kudzaza kashopu konse ka ku Kanyama. Ndi yemwe uja anaba fulashi ya kompyuta ya Towera yokhala ndi pulani ya invatayo, n'kupanga mainvata ogulitsa, n'kumanyoza pulogalamu yaulere imene Towera amayesera mapulani ake pakompyuta. Ati ya amphawi.

"Ba Towera, pulogalamu yanga yogula inakamba ati vili bwino. Manje makasitomala afuna kunimenya. Yanu ikamba chani?"

Towera sanafulumire. Anapukuta magalasi ake, mtima uli zii.

"Munaifunsa za malaiti akabwela mwamphamvu? Yanga yaulele ninaifunsa. Inati vizapsa."

"Munaziba?"

"Nanga muganiza fulashi ija ninaiiwala patebulo?"